Chikomekome cha mkuyu: musanagule kakompyuta kodula, yambani mwaona m'kati

Ndakhala chete kwa masabata angapo. Inu ogwira choko mukudziwa mmene teremu imathera: mapepala ochonga mulu, malipoti akudikira, ahedi akufunsa magiredi.

Lero tikambirane za timakompyuta tating'ono ta patebulo tija, timene m'masitolo amatitchula kuti mini PC. Funso lake landifika kangapo, makamaka kuchokera kwa inu amene muli ku South Africa ndi ku Britain, amene mukufuna kudzigulira kapena kutumiza kumudzi. Ambiri mumatumiza chithunzi cha kabokosi konyezimira, pansi pake n'kulemba kuti, "Sir, kodi aka n'kothamanga?" Ndiyankhe nonse pamodzi: pa timakina todula timeneti palibe kochedwa. Konse kamathamanga kuposa ntchito imene ambirife tingakapatse. Funso loyenera ndi lina. Pakatha zaka 5, mudzatha kusintha chiyani m'kati mwake? Nanga adzasinthe ndani, ndi zipangizo zochokera kuti?

Maganizo anga ndi awa. Munthu wolandira malipiro a mphunzitsi sagula kompyuta chaka ndi chaka. Amagula kamodzi, n'kukhala nayo zaka 8 kapena 10. Sukulu ndiye kaya, imene yalandira lero mwina ina idzabwera ahedi atasintha kawiri. Kwa anthu otere, mipata ya m'kati ndi yofunika kuposa liwiro lolembedwa pakatoni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti kakompyuta kokongola kalikonse kali ndi nyerere ayi. Ndikungoti mkuyu timayamba tauswa tisanadye.

M'kabokosimo muli chiyani?

Kakompyuta kotere ndi laptop yopanda sikirini, yopanda keyboard, yopanda batire. Zambiri za m'kati mwake ndi zomwe zimapezeka mu laptop. Maganizo ake si achilendo: Apple idatulutsa Mac mini yoyamba mu 2005, ndipo Intel idapanga timabokosi take totchedwa NUC kwa zaka pafupifupi 10 mpaka mu 2023, pamene idasiya n'kupereka ntchitoyo kwa ASUS. Masiku ano makampani a ku China monga Minisforum, Beelink ndi Geekom ndiwo adzaza msika.

Zinthu zofunika kuzidziwa ndi zinayi. Processor ndiyo imagwira ntchito yeniyeni, ngati mphunzitsi amene akuchonga. RAM ndi tebulo limene wayalapo mapepala. Likachepa, amangokhalira kunyamuka kukatenga ndi kukabweza, ntchito n'kuchedwa ngakhale iye ali wachangu. SSD ndi kabati mmene zonse zimagona usiku. Chachinayi ndi zosamalira makinawo: fani yoziziritsa ndi chopatsira magetsi.

Chilichonse mwa zinthuzi chimaikidwa pa motherboard mwa njira imodzi mwa ziwiri. Mwina n'cholowetsa mu mpata wake, choti mungachizule ndi zala n'kuikapo china. Mwina n'chowotcherera, choti kuchichotsa kumafuna makina otenthetsera ndi katswiri amene sapezeka pa trading centre iliyonse. Nkhani yonse ya lero yagona pa mawu awiriwa: cholowetsa ndi chowotcherera.

Titsegule kamodzi: Minisforum MS-01

Ndasankha aka chifukwa kadatchuka kwambiri pakati pa anthu okonda kutsegula makina. Kadafika pamsika kumayambiriro kwa 2024. Kukula kwake ndi masentimita pafupifupi 20 mbali iyi, 19 mbali inayo, ndipo kuchindikala sikufika masentimita 5. Rimu ya mapepala a A4 imakaposa.

Kutsegula kwake sikufuna chitsulo chilichonse. Mumadina kachotsekera kumbuyo, zam'kati zonse n'kusololoka ngati dilowa ya tebulo. Mtundu wapamwamba wa nthawi imeneyo uli ndi processor ya Intel Core i9-13900H, ya ma core 14, imene imafika 5.4GHz ikafuna kuthamanga. Imeneyi ndi yowotcherera. Musaiwale zimenezo, tibwereranso.

Mukachotsa fani yaikulu, pansi pake pali mipata iwiri ya RAM ya mtundu wa DDR5, timathabwa tomwe tija ta mu laptop totchedwa SO-DIMM. Kampani idalemba poyamba kuti kamalola 64GB, koma anthu ambiri adaikamo timathabwa tiwiri ta 48GB n'kufika 96GB. Mukatembenuza, mbali inayo kuli mipata itatu ya SSD ya mtundu wa M.2. Itatuyi si yofanana liwiro: woyamba ndi PCIe 4.0 wa njira zinayi, wachiwiri ndi PCIe 3.0 wa njira zinayi, wachitatu ndi PCIe 3.0 wa njira ziwiri zokha. SSD yanu yothamanga kwambiri muiike mu woyamba, osati kungosankha umene uli pafupi ndi dzanja. Mpata woyambawo umathanso kulandira SSD zikuluzikulu za m'maseva zotchedwa U.2, ndipo pambali pake pali kaswichi kosankhira. Kaswichiko kakakhala mbali yolakwika, SSD wamba ya M.2 ikhoza kupsa. Kampani idaikapo chenjezo, koma safunsa adadya phula.

Chodabwitsa pa kabokosi kakang'ono chonchi n'chakuti kali ndi mpata wa PCIe ngati wa kompyuta yaikulu ya desktop. Ndi wautali ngati wa njira 16 koma zimene zimagwira ntchito ndi 8, ndipo umalandira khadi laling'ono lochepa msinkhu, kaya la zithunzi kaya la netiweki. Kumbuyo kuli malo anayi olumikizira netiweki: awiri a 10Gb ndi awiri a 2.5Gb. Magetsi amabwera kudzera pa chaja yakunja ya 19V, yofanana ndi ya laptop koma yaikulu, ya mawati 180.

Ndipo kamagulitsidwanso kopanda RAM ndi SSD, kuti mwini wake aikemo zimene angathe. Mutha kuyamba ndi 16GB ndi SSD imodzi, chaka chamawa n'kuwonjezera. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Tsopano tione Mac mini

Mbiri ya Mac mini ndi phunziro palokha. Ya mu 2012 inali ndi chivindikiro pansi chimene mumangochipotoza ndi manja, timathabwa tiwiri ta RAM n'kuonekera. Mu 2014 RAM idawotchereredwa. Mu 2018 mipata ya RAM idabwerera, ngakhale kuifikira kunkafuna kumasula pafupifupi makina onse. Kuyambira 2020, pamene Apple idayamba kugwiritsa ntchito processor yakeyake ya M1, RAM idakhala phukusi limodzi ndi processor, ndipo khomo lidatsekedwa.

Ya mu 2024, ya M4 ndi M4 Pro, ndi kanthu kokongola zedi: masentimita 12.7 mbali zonse ziwiri, kutalika 5. Ndinene zoona, pa kudya magetsi ndi pa kusachita phokoso ndi ochepa amene angapikisane nayo. Apple yomwe imati ya M4 imadya mawati 4 ikangokhala ndipo sipitirira 65 ikamagwira ntchito yolemetsa. Kwa munthu wodalira sola ndi batire imodzi, zimenezi si zazing'ono.

Koma RAM imene mwagula tsiku loyamba ndi imene mudzakhale nayo mpaka tsiku lomaliza. Pomwe idatuluka, yotsika mtengo inali ya madola 599, ya 16GB ndi SSD ya 256GB. Kuti RAM ifike 24GB munkawonjezera madola 200. Kuti SSD ifike 512GB, madola 200 enanso. Ya M4 Pro inkayambira madola 1,399 ili ndi 24GB, ndipo kuti ifike 64GB munkawonjezera 600. M'chaka chomwecho, m'masitolo a ku America, madola 200 ankagula RAM ya laptop yoposa 32GB, ndipo SSD wamba ya 1TB sinkafika ndi madola 100 omwe. Ophunzira anga a masamu, gawani nokha muone mtengo wa gigabyte imodzi.

Pa SSD pali nkhani yosangalatsa pang'ono. Anthu a iFixit ndi ena atatsegula makinawa kumapeto kwa 2024 adapeza kuti SSD yake si yowotcherera, ili pa kathabwa kozulika. Koma si M.2 wamba. Ndi kathabwa ka Apple yokha, kamene kali ndi malo osungira okha, pamene mbali yolamulira ili mu processor. Ka M4 n'kosiyana maonekedwe ndi ka M4 Pro. Makampani ena adayamba kupanga timathabwa tolowa m'malo mwake, inde, koma mukasintha pamafunika Mac ina yoti muilumikize ndi chingwe kuti mubwezeretse mapulogalamu. Ku London zimenezo ndi za madzulo amodzi. Nanga pa CDSS ya ku Ntchisi kapena ku Chitipa, Mac yachiwiriyo mukaibwereka kwa yani?

Owotcherera nawonso ali ndi mfundo

Tisakhale ngati wophunzira wa pa debate amene samva mbali inayo. Kuwotcherera RAM si umbombo wokha. Pali chifukwa cha sayansi.

RAM ikakhala pafupi kwambiri ndi processor, tinjira ta magetsi timafupika, mauthenga sasokonekera, ndipo amatha kuyenda mofulumira pa njira zambiri nthawi imodzi. Tiyeni tiwerengere. Timathabwa tiwiri ta DDR5 ta mu MS-01 timatumiza kokwana 5,200 miliyoni pa sekondi, kalikonse ma byte 8 ulendo umodzi. Chulukitsani 5,200 ndi 8 ndi 2, mupeza pafupifupi 83GB pa sekondi. M4 imafika 120GB pa sekondi, M4 Pro 273GB. Kusiyanaku si kwa pakamwa chabe.

Umboni wamphamvu udachokera ku kampani ya Framework ya ku America, imene dzina lake lonse lidamangidwa pa kupanga ma laptop otheka kukonza. Mu February 2025 idalengeza kakompyuta ka patebulo ka malita 4.5, ka processor ya AMD Ryzen AI Max, kofika 128GB. Anthu adadabwa kumva kuti RAM yake ndi yowotcherera. Kampaniyo idafotokoza kuti idafunsa AMD ngati n'kotheka kugwiritsa ntchito RAM yozulika, ndipo akatswiri atafufuza adapeza kuti pa liwiro limenelo mauthenga sangayende bwino. RAM yake imatumiza 8,000 miliyoni pa sekondi, ma byte 32 ulendo umodzi, zimene zikupereka 256GB pa sekondi. Ngati anthu okonda kukonza makina chonchi adagonja, ndiye kuti vutolo lilipodi.

Koma taonani zimene Framework idachita ndi zina zonse. Motherboard yake ndi ya muyezo wodziwika wa Mini-ITX. Chopatsira magetsi ndi cha muyezo wodziwika. Fani ndi wamba ya mamilimita 120. SSD ndi M.2 wamba, mipata iwiri. Adawotcherera chimene sayansi idawakakamiza, zina zonse n'kuzisiya poyera. Apa ndi pamene ine ndimayezera kampani. Kuwotcherera RAM ndingakumvetse. Koma SSD yokhala ndi maonekedwe akeake, yosalowa kwina kulikonse, palibe lamulo la physics limene limakakamiza zimenezo.

Komanso njira yachitatu yayamba kuoneka. Pali mtundu wa RAM wotchedwa LPCAMM2, umene umagona chafufumimba pa motherboard n'kumangidwa ndi masikuluwu. Umathamanga pafupifupi ngati wowotcherera koma umazulika. Lenovo idauika mu ThinkPad P1 yake ya mu 2024. Ndiye akakuuzani kuti "masiku ano zonse n'zowotcherera basi," dziwani kuti si zoona zonse.

Funso lotsala ndi lakuti, ndani amafuna 273GB pa sekondi? Amene amakonza mafilimu olemera tsiku lililonse, ndi amene akufuna kuyendetsa mapulogalamu akuluakulu a AI pa kompyuta yawo osadalira intaneti. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, gulani yowotchererayo, koma gulani RAM yonse imene mudzaifune pakatha zaka 6, chifukwa mwayi wachiwiri kulibe. Koma inu ndi ine amene timalemba ma scheme, kusunga magiredi mu Excel, kuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu, kapena kuyendetsa ka bizinesi kosindikiza makhadi a ukwati, liwiro limenelo sitidzalimva n'komwe. Chimene tidzamve ndi tsiku limene RAM idzachepa kapena SSD idzafa.

Kwa ife iyi ndi nkhani ya ndalama

Munthu wa ku Berlin kompyuta ikamuchepera amaigulitsa n'kugula ina. Ife zathu n'zosiyana. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 Reserve Bank idaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Malipiro athu sadadumphe choncho. Kompyuta iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense amene adayesapo kupeza madola ku banki akudziwa kuti si masewera. Onjezanipo mtengo wotumizira ndi msonkho.

Pa chifukwa chimenechi, kusiyana pakati pa kugula makina atsopano ndi kugula kathabwa kamodzi n'kwakukulu kwambiri kwa ife kuposa kwa iwo. Kathabwa ka RAM kapena SSD ya M.2 kamalowa mu envelopu. Mbale wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg amakaika m'thumba la malaya. Mnyamata wokonza ma laptop ku Limbe kapena ku Malangalanga amakadziwa, mwinanso ali nako m'kabati kochokera mu laptop yosweka sikirini.

Taganizani za njinga ya kabaza. Sikuti ndi njinga yabwino koposa padziko lonse. Koma sipoko ikaduka, tcheni chikatha, mabelo akaphwanyika, pansi pa mtengo wa mango pa msika uliwonse pali munthu wokonza, ndipo zipangizo zake zimalowana. Njinga yamakono ya magiya 21 ikathyoka kachitsulo kamodzi imakhala pakhonde chaka chathunthu. Kompyuta ya kumudzi iyenera kukhala ndi mtima wa kabaza.

Wina anganene kuti mitengo ya RAM nayo siikhazikika, ndipo akunena zoona. Kumapeto kwa 2025 RAM idakwera mtengo koopsa padziko lonse, chifukwa makampani atatu amene amapanga yochuluka, Samsung, SK hynix ndi Micron, adatembenukira kwa ogula akuluakulu omanga malo a makompyuta a AI. Mu December chaka chomwecho Micron idalengeza kuti isiya kugulitsa zinthu za dzina la Crucial kwa anthu wamba. Ndiye mawu oti "ndidzawonjezera chaka chamawa zikadzatchipa" si lonjezo. Komabe amene ali ndi mipata ali ndi zosankha: angadikire, angagule yakaunjika, angazule mu makina akufa n'kuika mu amoyo. Amene RAM yake ndi yowotcherera alibe chodikira.

Mawu oti "yotheka kuwonjezera" asakupusitseni

Tsopano ndichenjeze mbali yanga yomwe, chifukwa otsatsa malonda adazindikira kuti mawu amenewa amakoka anthu.

Choyamba, processor ya pafupifupi timakompyuta tonse tatsopano todula ndi yowotcherera, MS-01 yomwe. Tsiku limene processor idzakalambe, RAM yambiri siidzakuthandizani. Tidaziona ndi Windows. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula amene adalowa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi processor yosapitirira msinkhu wina, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa cha m'ma 2017. Makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu, amoyo bwinobwino, adatsalira kunja kwa mpanda. Amenewo mankhwala ake si RAM, ndi Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Choncho pogula funsaninso ngati makinawo amalola kuikamo dongosolo lina mosavuta.

Chachiwiri, RAM ili ndi mibadwo. Kathabwa ka DDR4 sikalowa mu mpata wa DDR5; kamphako kake kali pamalo ena, dala, kuti musakakamize. Musatumize ndalama musanaone dzina lenileni la mtundu umene makina anu amalandira.

Chachitatu ndi kutentha. Processor yamphamvu m'kabokosi kakang'ono ili ngati mbaula m'chipinda chopanda windo. Ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo i9 imene mudalipira imayamba kugwira ntchito ngati i5. Amene amayesa makinawa pa YouTube amakhala m'zipinda zozizira zopanda fumbi. Sadziwa October wa ku Chikwawa, sadziwa fumbi la choko. Kwa ife, kutha kufika pa fani, kuipukuta, ndi kupeza ina ikafa, n'kofunika mofanana ndi mipata ya RAM. Fani za timakompyuta tambiri ndi za maonekedwe akeake, ndipo kampani yaing'ono ikhoza kusiya kuzipanga pakatha zaka zochepa. Apa makampani akale ngati Apple, Lenovo, HP ndi Dell amaposa atsopanowa, chifukwa makina awo ndi ochuluka ndipo zipangizo zake zimapezeka kwa nthawi yaitali.

Chachinayi ndi magetsi. Magetsi akabwerera mwamphamvu atazima, chimene chimayamba kupsa kawirikawiri ndi chopatsira magetsi. Chikakhala chakunja ngati chaja ya laptop, mumagula china n'kupitiriza ntchito, bola ma volti, mawati ndi kamutu kake zifanane. Chikakhala cham'kati, ngati cha Mac mini, makina onse amapita kwa wokonza. Mulimonsemo, musalumikize chinthu cha madola 1,000 kukhoma popanda choteteza.

Kodi mukufunadi kodulako?

Funso ili ndalisunga dala. Ena mwa inu mukufuna kugulira sukulu yanu yakale seva yoti ana aziwerengerapo popanda intaneti. Mulungu akudalitseni. Koma mapulogalamu a ntchito imeneyo, monga Kiwix imene imasunga Wikipedia yonse, kapena Kolibri ya maphunziro, amayenda ngakhale pa Raspberry Pi. Chimene amafuna kwambiri ndi malo osungira, osati i9.

Pali timakompyuta ta m'maofesi timene makampani akunja amatitaya pakatha zaka zitatu kapena zinayi: Lenovo ThinkCentre Tiny, HP EliteDesk Mini, Dell OptiPlex Micro. Kukula kwake ndi pafupifupi lita imodzi. Tambiri timatseguka ndi sikuluwu imodzi, tili ndi mipata iwiri ya RAM, mpata wa M.2, ndi malo a diski ya mainchesi 2.5. Tina, monga ThinkCentre M720q, ngakhale processor yake ndi yozulika, chinthu chimene todula tatsopano tija tilibe. Sankhani ta m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo ngati mukufuna Windows 11. Ndalama ya kabokosi kamodzi kapamwamba ingagule tambiri totere, ndipo kamodzi kakafa kamasanduka nkhokwe ya zipangizo za tinzake. M'kalasi ya ana 60, makina asanu apakatikati amaposa amodzi othamanga ngati mphezi.

Kodula kali ndi malo ake. Inu amene mukuphunzira za netiweki ndi maseva, amene mukufuna kuyendetsa makompyuta ongoyerekeza 10 m'kabokosi kamodzi, MS-01 kapena kofanana nako kadzakuphunzitsani zambiri, ndipo kadzakula nanu limodzi. Inu a mafilimu ndi nyimbo, Mac mini ikhoza kukhala yoyenera, podziwa zimene mwavomera. Chimene sindikufuna n'chakuti munthu alipire ndalama ya miyezi ingapo chifukwa cha chithunzi.

Mafunso oti mufunse musanalipire

1. RAM ndi yolowetsa kapena yowotcherera? Mukaona mawu oti SO-DIMM, ndi yolowetsa. Mukaona LPDDR kapena "unified memory", pafupifupi nthawi zonse ndi yowotcherera.

2. Mipata ya RAM ndi ingati, ndipo malire ake ndi ma gigabyte angati?

3. SSD ndi M.2 2280 wamba? Mipata yake ndi ingati, ndipo ulipo wotsala?

4. Kabokosi kamatseguka ndi sikuludilaiva wamba, kapena pali guluu ndi masikuluwu achilendo?

5. Fani ingafikiridwe? Ina ingagulidwe payokha?

6. Chopatsira magetsi ndi chakunja kapena cham'kati?

7. Kakafa mwezi wachitatu, chitsimikizo chake chikugwira ntchito kuti, ndipo ndalama yotumizira alipira ndani?

Wogulitsa akalephera kuyankha, lembani dzina la makinawo pa YouTube pamodzi ndi mawu oti teardown. Pafupifupi kakompyuta kalikonse kodziwika kadatsegulidwapo kale pamaso pa kamera. Mphindi 10 za bandulo zingakupulumutsireni ndalama zambiri.

Mawu omaliza kwa aphunzitsi anzanga

Pali chifukwa china chimene sichikhudza thumba. Ana athu a Computer Studies amajambula motherboard m'makope, amaloweza kusiyana kwa RAM ndi ROM, amakhoza MSCE, koma ambiri sadagwirepo kathabwa ka RAM m'manja. M'masukulu ambiri kompyuta ndi chinthu chophimbidwa ndi nsalu, choopedwa, choti wochitsegula akalembedwa m'buku la milandu. Mwana woleredwa choncho amakula akukhulupirira kuti makina ndi matsenga a azungu.

Kompyuta yotseguka ndi chipangizo chophunzitsira kawiri: ikayaka ndi ikazima. Zimitsani, zulani chingwe kukhoma, gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi achoke, kenaka itanani ana a Fomu 3 azungulire tebulo. Mtsikana mmodzi azule RAM, aione, aibwezere mpaka timanja take tilire kuti "tha". Yatsani, muwaonetse kuti makina aiwerenga. Phunziro limenelo sadzaliiwala, ndipo mwa ana amenewo mudzatuluka okonza makina amene dziko lino likuwasowa. Ndi kabokosi komata ndi guluu simungachite zimenezi.

Inu otumiza kuchokera kunja, mukamanga katundu ikanimo sikuludilaiva yaing'ono, chaja yapadera, ndi pepala lolembapo mtundu wa RAM ndi SSD zimene makinawo amalandira. N'zotchipa, koma n'zimene zidzasunge mphatso yanu yamoyo inu mutaiwala kale kuti mudatumiza.

Amene muli ndi timakina timeneti, tiuzeni mmene tikukhalira ndi fumbi ndi kutentha kwa kwanuko. A Mac mini, bwerani mudziteteze, bwalo ndi lanu. Ine ndabwerera ku mulu wa mapepala uja.